Zikomo inu amene munagwira ntchito yanga

Sabata imene tinakonza zoti ana a chaka choyamba pa yunivesite ya Zambia (UNZA) akaone Munda Wanga, malo osungirako nyama ndi zomera ku Chilanga, malungo anandigwetsa. Kope la mayina ndi ndalama za basi zinali kwa ine.

Amayi ogulitsa vitumbuwa, amene simufuna kutchulidwa, munkanditumizira phala lotentha m'mawa. Akulu anga a chaka chachitatu, munatenga kopelo n'kugogoda chitseko ndi chitseko m'mahostelo. Inunso adalaivala, munadikira mtsikana wochedwa wokhala ku Kalingalinga, osang'ung'udza n'komwe.

Mtsikanayo analibe mnzake chibwerereni kuchokera ku Lundazi, ankadya yekha. Anabwerako ali ndi anzake owerenga nawo, ndipo pano ndiye akulemba mayina a ulendo wa ku Kabwata Cultural Village. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.