Bambo wopolishitsa nsapato uja

Miyezi yoyamba nditayamba kujambula oyimba pa nsanja, zithunzi zanga zinali za chimbuuzi zokhazokha. Ndimafika kunyumba usiku, kulowetsa kadi mu kompyuta, n'kupeza woyimba alibe nkhope, dzanja la woyimba ng'oma lasanduka utsi. Mlandu wonse ndinkaukankhira kwa kamera, ati ndi yotchipa.

Masamu ake ndinkawadziwa ndithu. M'holo mukakhala mdima, kamera imasiya shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) yotsegula nthawi yaitali, mwina 1/30 ya sekondi, pomwe kuti dzanja lothamanga liime pamafunika 1/250 ya sekondi kapena kucheperapo. Ukakulitsa bowo la lenzi lolowera kuwala mpaka pa muyeso wa f/2.8 wapezako kuwala, koma malo owoneka bwino amachepa: mphuno yakuthwa, khutu losungunuka. Ukakweza ISO, muyeso wa mmene kamera imagwirira kuwala, mpaka 6400 pa kamera yakale ngati yangayi, chithunzi chimatuluka ngati wachiwaza mchenga. Flashi ndiye ayi, imapha mitundu ya magetsi a pa nsanja, komanso oyimba amadana nayo.

Chimene chinanditsegula m'maso ndinachipeza m'buku lothothoka masamba la mbiri ya kujambula, lomwe ndinabwereka ku laibulale ndikufuna zina. Munali chithunzi chimene Louis Daguerre, mmodzi mwa oyambitsa luso lojambula ndi kamera, anajambula ali pawindo mu 1838, cha msewu wa Boulevard du Temple ku Paris. Msewu wotanganidwa, wa ngolo ndi akavalo, koma pachithunzipo uli mbee, ngati anthu onse asamuka. Chifukwa chake n'chakuti mbale yake ya mkuwa wokutidwa ndi siliva inkafuna mphindi zingapo kuti igwire kuwala, ndiye chilichonse choyenda chinafufutika. Amene anatsala pachithunzipo ndi bambo wina pakona, mwendo umodzi ataukweza, akupolishitsa nsapato. Sankadziwa n'komwe kuti akujambulidwa. Analowa m'mbiri chifukwa chongoima malo amodzi.

Ndinachiyang'anitsitsa chithunzicho mpaka tiyi anandizizirira. Vuto la Daguerre linali langa lomwe, kusiyana kwake n'kwakuti iye ankawerenga mphindi, ine tizidutswa ta sekondi. Funso linasintha: kodi woyimba amaima liti?

Yankho lake si ine ndinalipeza. Bambo wina wachikulire woyimba gitala ya besi, atandiona ndikudina batani ngati ndikuthamangitsidwa, anandiitana nthawi yopuma n'kundifunsa ngati nyimbo imene ndimajambulayo ndingathe kuiyimba. Ndinachita manyazi, sindinaimve n'komwe. Anandiuza kuti mawa lake ndibwere pa nthawi yoyeserera, kamera ndiisiye m'chikwama.

Ndinakhala pampando wakumbuyo maola awiri, manja akuyabwa. Pamenepo ndi pomwe ndinaona zimene ndinkaziphonya. Ndodo ya ng'oma ikafika pamwamba imaima kaye kadontho isanatsike. Woyimba akakoka liwu lalitali mutu sugwedezeka. Mzere ukatha amapuma mpweya, mapewa m'mwamba, maso otseka. Ndipo zonsezi zimabwerera pamalo omwewo korasi ikabwera, moti ukhoza kuziwerengera ndi phazi. (Ovina ndi nkhani ina, amenewo mpaka lero amandisambitsa chokweza.)

Kudikiraku kunandisinthanso pa nkhani ya anthu. Ukakhala pakati pawo nthawi yaitali osawaloza ndi lenzi, amasiya kudzikonza, amaiwala kumwetulira kwa pa chiphaso kuja. Ena amabwera okha kudzakuuza nyimbo imene sakufuna kuti ijambulidwe, ndipo ndimamvera.

Usiku wa konsati ndinasiya nyimbo yoyamba idutse. Pa yachiwiri ndinaika shutter pa 1/60 ya sekondi, liwiro lomwe kale ndinkaliopa, chigongono nditachitsamiritsa pa sipika, phazi likuwerenga. Ndinadina kanayi kokha mu korasi yonse. Pa chithunzi chachitatu mayi woyimbayo ali duu, mtsempha wa pakhosi ukuoneka, thukuta lili pachibwano, pomwe kumbuyo kwawo manja a woyimba ng'oma adakali utsi womwe uja. Utsiwo sindinauchotse.