Mbewa ya ku Cambridge ndi funso la umwini wa luso

Teremu ino tikuphunzira za chitetezo cha m'thupi, ndipo mutu wa ma antibody, mapuloteni omwe thupi limapanga kuti agwire tizirombo, wandikokera ku funso lomwe pamayeso silibwera: luso lopanga ma antibody mu labu mwini wake ndani, nanga umwiniwo umatha liti?

Kachirombo kakalowa m'thupi, maselo otchedwa B amapanga ma antibody amitundumitundu, uwu wogwira apa, uwo wogwira apo. Thupi zimalithandiza, koma woyeza matenda zimamusokoneza, chifukwa ma antibody oyezera amawatapa m'magazi a nyama, ndipo zomwe watapa mwa kalulu lero sizifanana ndi zomwe adzatape mwa kalulu wina mawa. Mu 1975, Georges Köhler wa ku Germany ndi César Milstein wobadwira ku Argentina, akugwira ntchito ku Laboratory of Molecular Biology mumzinda wa Cambridge, anapeza njira. Anabaya mbewa ndi maselo ofiira a magazi a nkhosa, kenako anatenga maselo a m'kapamba ka mbewayo n'kuwalumikiza ndi maselo a khansa yotchedwa myeloma. Selo ya B siikhalitsa ikachoka m'thupi, pomwe ya khansa imangoswana osaleka. Yobadwa pa ziwirizi, hybridoma, inatengera konsekonse: siifa, ndipo imatulutsa antibody ya mtundu umodzi wokha. Awa ndiye ma monoclonal antibody.

Chomwe chandikhazika pansi n'chakuti awiriwa sanatenge patent, chiphaso chomwe chimapatsa wotulukira luso mphamvu yoletsa ena kuligwiritsa ntchito popanda chilolezo chake, masiku ano kwa zaka 20 kuyambira tsiku lopempha. Mkulu wina wa ku Medical Research Council, bungwe lomwe limayendetsa labu yawoyo, anatumiza zolemba zawo ku National Research Development Corporation, bungwe lomwe linkaona za ma patent a kafukufuku wolipiridwa ndi boma la Britain. Yankho linalembedwa mu 1976, pepala la kafukufuku wawo litatuluka kale m'magazini ya Nature, ndipo linkati n'kovuta kuona phindu la msanga la lusoli pa malonda. Boma la Margaret Thatcher litalowa, nkhaniyi inkatchulidwa ngati chitsanzo cha chuma chomwe dziko linataya lokha. Köhler ndi Milstein anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1984 limodzi ndi Niels Jerne.

Anzanga ena m'kalasi amati Milstein anachita bwino, luso likhale la aliyense. Ndikugwirizana nawo, koma pang'ono. N'zoona kuti ankagawa maselo ake kwa ofufuza omwe apempha, ndipo lusoli linafalikira msanga chifukwa cha zimenezo. Komatu mmodzi mwa olandirawo anali Hilary Koprowski wa ku Wistar Institute ku Philadelphia. Mu 1979 ndi 1980, iye ndi anzake anapatsidwa ma patent ku America a ma antibody olimbana ndi zotupa za khansa komanso ma virus, opangidwa m'njira yomweyo. Ofufuza ambiri, maka a ku Britain, anakwiya. Kusiya osatenga sikunachititse kuti pasakhale mwini, anangopezeka wina.

Pa zoyezera matenda ndi pomwe nkhaniyi yandiyandikira, chifukwa kachipangizo koyezera malungo komwe kali m'zipatala zathu kamadalira luso lomweli. Dontho la magazi ndi timadzi tothandiza kuyenda zimakumana ndi ma antibody omatidwa utoto. Ngati m'magazimo muli puloteni yotchedwa HRP2 ya kachirombo ka malungo ka Plasmodium falciparum, amaigwira n'kuyenda nayo pakapepala mpaka pamzere wa T, pomwe antibody yachiwiri yodikira pamenepo imaigwiranso mbali ina. Utoto uja ukaunjikana, mzere umaoneka. Mzere wa C umangotsimikiza kuti timadzi tinayenda bwino. Tisasokoneze ndi zoyezera HIV zambiri zapompopompo, zomwe zimafufuza ma antibody omwe thupi la munthuyo lapanga lokha.

Njira yopanikiza puloteni pakati pa ma monoclonal antibody awiriyi nayonso inali ndi mwini. Kampani ya Hybritech ya ku San Diego inapatsidwa patent yake mu 1983, inasumira mnzake wopikisana naye, ndipo mu 1986 khoti la apilo linagamula kuti patent ija ndi yovomerezeka. Inatha kalekale. Ine ndimaona kuti kutha kwa ma patent oyambirirawo n'chimodzi mwa zifukwa zomwe makampani ambiri lero amapangira tizipangizo totere motchipa.

Ku mankhwala zinali zovuta kuposa apo. Thupi la munthu limaona antibody ya mbewa ngati mlendo n'kuyamba kuimenya, ndipo OKT3, mankhwala oyamba amtunduwu omwe anavomerezedwa mu 1986 kwa oikidwa impso, anakumana ndi vuto lomweli. Gregory Winter, wa labu yomwe ija ya ku Cambridge, anangotenga nsonga za antibody ya mbewa, zomwe zimagwira mdani, n'kuzilumikiza pa antibody ya munthu. Ulendo uno a Medical Research Council anatenga patent, koma sanaipereke kwa kampani imodzi. Anagulitsa chilolezo kwa makampani ambiri, ndalama n'kumabwerera ku kafukufuku. Pa njira zonse zomwe ndawerenga, iyi ndiyo yandigwira mtima. Kuyesa mankhwala pa anthu kumadya ndalama zoopsa, ndipo kampani siingaike chuma chake pa chinthu chomwe mnzake adzakopera mawa. Koma kulipiritsa polowa n'kosiyana ndi kutseka khomo. Pofika 1997 kunabwera rituximab wa khansa ya lymphoma, 1998 trastuzumab wa khansa ya m'mawere, onse osakaniza za mbewa ndi za munthu.

Ndiye pali Humira, nayonso monoclonal antibody, mankhwala a nyamakazi ndi matenda ena omwe chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake. Anavomerezedwa mu 2002, ndipo patent yake yaikulu ku America inatha mu 2016. Kampani ya AbbVie, yomwe imapanga mankhwalawa, inali itapeza ma patent ena oposa 100 pa kasakanizidwe, kapangidwe ndi kagwiritsidwe ntchito kake, ngati munthu womanga mipanda ina kunja woyamba usanagwe. Sindikunena kuti onsewo anali opanda nzeru yatsopano, koma zotsatira zake zikuoneka pa kalendala. Ku Ulaya mankhwala ofanana nawo otsika mtengo anafika pamsika mu 2018. Odwala a ku America anadikira mpaka 2023, ndipo m'chaka cha 2022 chokha Humira anagulitsidwa ndalama zoposa madola 21 biliyoni.