Agalu awiri a timiyala m'chikhodzodzo sabata imodzi

Sabata ino ndimayenera kungothamanga ndi katemera wa chiwewe mbali ya Chitakale ndi Limbuli, koma zandidyera nthawi ndi za mkodzo wa agalu.

Lachiwiri bambo ena anabwera ndi galu wamphongo mudengu panjinga, akuti "adokotala, anthu ansanje andidyetsera galu tameki." Titamutsitsa galu uja akungoti akweze mwendo, kudzikakamiza mpaka kunjenjemera koma kungotuluka timadontho tamagazi basi, kugwira pamimba pali gwa. Ndinati bambo, si poizoni uyu, njira ya mkodzo yatsekeka. Amphongo ndi amene amatsekeka msanga chifukwa njira yawo ndi yaitali komanso yopapatiza, ndiye kamwala kamakakamira pomwe pali kafupa ka kuchida paja. Ndinalowetsa kapaipi nkukankhira kamwala m'mbuyo ndi madzi, mkodzo unatuluka wofiira wonunkha zedi, kenako ndinawauza kuti mawa lomwe apite naye ku Blantyre akamujambule. Galu wotsekeka chonchi masiku awiri atatu impso zimatopa, amafa.

Nditafunsa za kasungidwe zinandiwawa. Pa tcheni kuyambira m'mawa mpaka usiku, nsima ya gaga ndi mitu ya usipa, madzi ayi, akuti amakamwa yekha tikamumasula. Ndi dzuwa la Okutobala lomweli! Galu osamwa madzi mkodzo wake umachepa nkukhala wolimba, iye amausunganso nthawi yaitali posafuna kuipitsa pogona pake, mchere wa mumkodzomo nkumaundana pang'onopang'ono.

Lachinayi kunali galu wamkazi wa mayi ena okhala ku esiteti ya tiyi, uyu amakodza pafupipafupi timagazi. Kwa aakazi nthawi zambiri zimayamba ndi mabakiteriya m'chikhodzodzo, amasintha mkodzo mpaka pamapangika timiyala ta mtundu wotchedwa struvite, ubwino wake timeneti timatha kusungunuka ndi ma antibayotiki komanso chakudya chapadera. Ta mtundu wina wotchedwa calcium oxalate sitisungunuka ayi, ndi opaleshoni basi, ndipo timakonda amphongo achikulire ndi timagalu tating'ono ngati Shih Tzu. Agalu a mtundu wa Dalmatian ndiye ndi chibadwa chawo kukhala ndi timiyala ta mtundu winanso wotchedwa urate.

Lachisanu pamzere wa katemera aliyense ndimamufunsa ngati pomwe amamanga galupo pali beseni la madzi, ambiri amangoyang'anana. Mnyamata wina anati wake akamavutika pokodza amamupatsa Brufen, ndinamupempha asiyiretu lero lomwe, mankhwala amenewo amaononga impso ndi m'mimba mwa galu.