Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chidutswa cha paipi

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka mayi a ku Chilomoni omwe anafunsa kuti ntchito ya kuboila, chimphika chowiritsira madzi kuti atulutse nthunzi, inatha bwanji. Funso limeneli ndakhala ndikulizemba.

Mukukumbukira kuti malume ndiwo anandipezera malo pa fakitale ija ya ku Makata, yosonkhezera malasha. Usiku wina, cha m'ma 2 koloko, paipi inaphulika, nthunzi ili mbwee. Kutacha, kapitawo uja, yemwe ndinakuuzani kuti ankandida kuyambira tsiku loyamba, anauza abwana kuti ndinagona, madzi anachepa, paipi n'kupsa. Palibe anandifunsa kanthu. Ndinayenda wapansi mpaka ku Ndirande, kalata yondichotsa ntchito m'thumba, ndipo pakhomo ndinaima nthawi yaitali osagogoda. Mayi a ana anali oyembekezera. Anangoyang'ana nkhope yanga n'kuchotsa poto pamoto. Usiku umenewo sitinadye, sitinalankhule.

Zaka 9 zinatha ndikugulitsa makala.

Ena munandiseka kuti ndimasunga zinyalala. Chidutswa cha paipi ija ndinachitola, ndipo tsiku lina ndinachionetsa kasitomala wanga, bambo wophunzitsa za uinjiniya ku Poly. Atachitembenuza anati, "Achimwene, paipi yopsa chifukwa chosowa madzi imafufuma. Iyi yapyapyala mbali imodzi, ili see. Yadyedwa ndi phulusa."

Anandifotokozera kuti phulusa la malasha lili ndi timchenga tolimba kuposa chitsulo cha paipiyo. Timauluka ndi utsi, timamenya paipi, timanjanja n'kukamenyanso ina. Tikamenya chopendekera, cha m'ma madigiri 20 mpaka 30, timapala kwambiri kuposa tikagunda molunjika. Liwiro la utsi likawirikiza kawiri, kudyekako kumawirikiza kanayi n'kupitirira. Motowo nawo umapanga kachikamba kadzimbiri pamwamba. Phulusa likakasenda kamamera kena, chitsulo n'kumatha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake malo otentha kwambiri amaikapo zitsulo zosakaniza ndi chromium, chitsulo cholimbana ndi dzimbiri, ndipo pokhota amavekapo zotchinga. Zathu zinalibe.

Ndinakhala pathumba la makala, manja akunjenjemera. Zaka zonsezi nanenso ndinali nditayamba kukayika, kuti kapena ndinasinzadi.

A kapitawo, ndikudziwa ana anu amawerenga tsamba lino. Awauzeni kuti chidutswa chija chili pa kabati, abwere adzachione.

Za mmene malume anailandirira nkhaniyi, Lachisanu.