Nyimbo zapamtondo ndi mbiri ya matchona

Sabata ino ndinali kumudzi kujambula nyimbo zapamtondo kwa amayi achikulire. Chigayo chidalanda ntchito ya mtondo, ndipo nyimbozi zikupita limodzi ndi eni ake. Lolemba lonse linathera kupempha chilolezo, poyamba kwa amfumu, kenako kwa woyimba aliyense payekha. Ndimajambula mawu ake ovomereza, zaka zake, ndi amene adamuphunzitsa nyimboyo.

Lachiwiri anayesa kuyimba ali khale pamkeka, koma mawu ankawathawa. Agogo ena anati, "Mwananga, nyimbo iyi imafuna munsi." Atangotulutsa mtondo n'kuthiramo chimanga, nyimbo zinayamba kubwera zokha, ina pamwamba pa inzake. Vuto n'lakuti kugunda kwa minsi kumameza mawu. Ndiye maikolofoni ndinaikweza kufupi ndi pakamwa, ndipo akamaliza nyimbo ndinkawapempha anene mawu ake pang'onopang'ono, osayimba.

Zenizeni zinachitika Lachitatu. Panali nyimbo yodandaula mwamuna amene adapita kukagwira ntchito kunja n'kutchona. Mayi wina ankayimba kuti adapita ku Joni ndi Wenela (bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi), mnzake n'kumati ayi, ndi ku Halale. Anatsutsana kwambiri, aliyense akuti amayi ake ankayimba choncho. Ine ndinajambula zonse ziwiri, ndipo sindidzasankhapo yoona. Ofufuza Milman Parry ndi Albert Lord adaona zomwezi kwa oyimba a ku Yugoslavia m'zaka za m'ma 1930: woyimba amaumba nyimbo mwatsopano nthawi iliyonse akamayimba. M'nyimbo ya kumudziyi, mkazi aliyense ankaikamo malo amene adam'dyera mwamuna wake. Kusiyanako ndi umboni wa njira zimene amuna a mudziwu ankalowera.

Nyimbo siitchula chaka. Dzina ngati Wenela limangondipatsa pogwira, chifukwa mbiri yake idalembedwa, kuphatikizapo zoti boma lidaimitsa kutumiza anthu kumigodi mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, ku Botswana. Koma chimene chimandisunga pantchitoyi n'chakuti nyimbo imanena zomwe alembi aboma sankazilemba. Wolemba mbiri Megan Vaughan atafufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, adamva m'nyimbo za amayi za amuna omwe adapita kokasuma n'kukakwatira komweko, ana akufa ndi njala kunyumba. Amayiwa sankalemba makalata kwa DC. Dandaulo lawo ankalisinjira mumtondo, apongozi akumva.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinakhalira kulemba mawu, mahedifoni kumakutu, kubweza mzere umodzi kambirimbiri. Ntchito yotopetsa, koma nyimbo yopanda dzina la woyimba, malo ndi tsiku wofufuza wamawa sangaigwiritse ntchito.

Loweruka ndinabwerera kukawamvetsera zomwe tinajambula ndi kuwasiyira zawo pa memori khadi. Anandikonza mizere ingapo, ndipo agogo aja anakumbukira ndime ina yotchula msonkho. Sabata yamawa ndikupita ku National Archives ku Zomba kukaona zomwe malipoti a DC ankanena za msonkho ndi za amuna ochoka m'dera limeneli.