Kabuku komwe tinatsala pang'ono kukolezera mbaula

Zinayamba ndi dzanzi kuphazi lamanzere, Lachiwiri lina mu Okutobala, ndikulemba pa bolodi m'kalasi. Ndinkaganiza kuti ndi nsapato zothina. Pofika Lachisanu dzanzi lija linali litakwera miyendo yonse iwiri mpaka pamchombo, ndipo ndinkamva ngati wina wandimanga chitenje mwamphamvu m'chiuno. Loweruka m'mawa mkodzo unakana kutuluka. Apa m'pamene bambo akunyumba anasiya zija zoti "mungopuma kaye, n'kutopa kumeneko", n'kuthamangira galimoto ya aneba.

Masiku anayi amene ndinakhala ndikudzisisita mafuta aja ndimawadandaula mpaka lero. Dzanzi lokwera m'mwamba, miyendo kufooka, kenako mkodzo kuvuta, si zodikira kuti malipiro atuluke kaye.

Tinayambira pa chipatala chaching'ono cha kwathu ku Area 25. Kumeneko anandiika kapaipi ka mkodzo, n'kulemba kalata yotitumiza ku Kamuzu Central Hospital. Kalatayo muzionetsetsa kuti yalembedwa tsiku lenileni limene vuto linayamba, chifukwa aliyense amene mukumane naye kutsogoloku ayambira pomwepo. Ku Central anandigoneka ku wodi ya amayi, mng'ono wanga n'kukhala gadiyani.

Sabata yoyamba inali yofufuza zimene sindikudwala. Poyamba zinkandikwiyitsa, koma ndinadzamvetsa kuti kuno kwathu munthu akafa miyendo mwadzidzidzi pali matenda angapo odziwika amene madokotala ayenera kuyamba awachotsa pamndandanda. Anandiyeza HIV, chindoko, shuga ndi vitamini B12. Anajambula ekisire ya pachifuwa ndi ya msana pofuna TB, popeza TB imatha kudya mafupa a msana n'kupanikiza mtsempha waukulu wodutsa m'katimo. Kenako dokotala wina wachinyamata anandifunsa funso lomwe linandidabwitsa: "Mayi, kunyanja munasambako liti?" Tinali titapita ku Senga Bay pa Khirisimasi. Anandifotokozera kuti mazira a likodzo nthawi zina amasochera n'kukakhazikika mumtsempha wa msana, munthu n'kufa miyendo chimodzimodzi ngati ine. Anandipatsa praziquantel, mankhwala a likodzo, tsiku lomwelo, osadikira zotsatira.

Nkhondo yeniyeni inabuka atanena zochotsa madzi a pamsana. Amayi anga anafika kuchokera ku Mitundu ali okonzeka kale. Anaima pafupi ndi bedi n'kunena kuti, "Mwana wanga simumubaya pamsana. Onse amene anachotsedwa madzi amenewo tinakaika m'manda." Nesi wina wachikulire sanakangane nawo. Anawakhazika pa benchi, n'kuwauza kuti ambiri amene amachotsedwa madziwo amakhala atafika kale matenda oumitsa khosi atawapweteka, ndiye akamwalira anthu amaloza singano m'malo moloza matenda. Amayi sanayankhe, koma sanaletsenso. Kwa iwo kumeneko ndiye kuvomera.

Zenizeni zake n'zakuti umagona cham'mbali, mawondo atafika pachibwano ngati mwana m'mimba. Amapukuta kumsana ndi mankhwala ozizira, kubaya kajakisoni kochititsa dzanzi, kenako umangomva kukankha. Madzi ake ndi oyera ngati a pampopi, amadontha pang'onopang'ono m'timabotolo. Mutu unandipweteka masiku awiri ndikadzuka, ndikagona n'kuleka. Basi.

Ataona kuti palibe chizindikiro cha TB kapena matenda oumitsa khosi, anayamba dilipi ya methylprednisolone, galamu imodzi patsiku kwa masiku 5. Mankhwalawa amazimitsa kutupa kwa mitsempha. M'kamwa mumamveka ngati wayamwa ndalama yachitsulo, tulo sitibwera, ndipo njala yake ndinkamaliza nsima yanga ndi ya gadiyani yomwe. Tsiku lachinayi chala chachikulu chakuphazi chinagwedezeka. Mng'ono wanga analira ngati pagwa maliro, mpaka odwala a bedi loyandikana nalo anayamba kutipepesa.

Chotsatira chinali MRI, sikani yojambula m'kati mwa thupi. Makinawa m'dziko muno ndi owerengeka. Oyamba anafika ku Queens ku Blantyre mu 2008, ndipo anabwerera kafukufuku wa malungo a muubongo mwa ana. Choncho musananyamule wodwala, imbani kaye foni mufunse kumene akujambula sabata imeneyo, ndiponso ngati ali ndi mankhwala obaya aja othandiza kuti potupa paoneke bwino. Ife tinalipira kwina kwapulaiveti ndi ngongole ya banki m'khonde, ndalama yoposa malipiro anga a mwezi. Pepala la adokotala lizinena momveka kuti ajambule msana ndi ubongo womwe. Ife tinapita ndi lolembedwa msana wokha, ndipo tinadzalipiranso kachiwiri. Umavula ndolo ndi chilichonse chachitsulo, n'kulowetsedwa m'chimphanga chopapatiza chaphokoso ngati chigayo, osagwedezeka kwa mphindi zoposa 30. Potuluka musangotenga lipoti lolembedwa, pemphaninso CD ya zithunzizo.

Zithunzi zinaonetsa chibanga chachitali m'kati mwa mtsempha wa msana. Dokotala wamkulu anaziyang'ana nthawi yaitali, akuwerenga mafupa ndi cholembera, kenako anatembenuka. "Mayi, diso linayamba lakuvutanipo?"

Ndinati ayi. Mng'ono wanga ndi amene anandidula pakamwa. "Achemwali, mwaiwala chaka chija munkaphunzitsa mutatseka diso limodzi?" Zoona, zaka ziwiri m'mbuyomo diso lakumanja linkapweteka ndikaliyendetsa, n'kuchita chifunga, ndipo chitenje changa chofiira ndinkachiona ngati chasuluka. Ndinapita kuchipatala cha maso cha Lions pomwepo pa Central, patapita masabata angapo linayamba kuona, ine n'kuiwala. Adokotala anafuna kuona zomwe zinalembedwa nthawi imeneyo. Koma kabuku ka kuchipatala komwe ndinali nako kanali katsopano. Kakale kanadzaza, ndipo sindinkadziwa komwe kanapita.

Bambo akunyumba anakapindula nyumba yonse usiku umenewo. Anakapeza m'katoni ya mapepala akale a mayeso omwe mtsikana wathu amang'amba pokoleza mbaula. Chikuto chinali chitapita kale. Koma tsamba lofunika linalipo, lili ndi mawu awiri olembedwa mothamanga, optic neuritis, kutanthauza kutupa kwa mtsempha wa diso.

Tsamba limenelo linasintha zonse. Matenda a mtundu uwu sadziwika ndi kuyeza kumodzi. Dokotala amafuna umboni woti mitsempha inagwidwa malo osiyana, nthawi zosiyana, ndipo umboni wa nthawi yakale sungaupeze mu sikani ya lero yokha kapena m'mutu mwa wodwala woiwalaiwala ngati ine. Anatiuza kuti chitetezo cha m'thupi mwanga, chomwe chimayenera kulimbana ndi tizilombo, chatembenukira mitsempha yanga yomwe, ndipo mayina omwe ankawaganizira anali awiri. Loyamba multiple sclerosis, yomwe imawononga chikuto cha mitsempha ya muubongo ndi mumsana, monga makoswe amachitira ndi pulasitiki wa waya wa magetsi. Imakonda akazi, imayamba kawirikawiri pakati pa zaka 20 ndi 40, koma ndi yofala kwambiri kumayiko ozizira. Lachiwiri neuromyelitis optica, mwachidule NMO, yomwe imalunjika maso ndi msana, ndipo chibanga chake chimatalika kudutsa mafupa a msana atatu kapena kuposerapo. Changa chinadutsa asanu.

Ndinafunsa ngati dzina lili ndi ntchito, poti zonse n'zosachizika. Anati lili nayo kwambiri. Kwa zaka zambiri madokotala ankayesa NMO ngati mtundu chabe wa multiple sclerosis, mpaka mu 2004 pamene ofufuza a ku Mayo Clinic ku America anapeza chizindikiro chake m'magazi, chomwe lero amachiyeza ndi dzina loti aquaporin-4. Ndipo mankhwala ena a multiple sclerosis, monga interferon beta, amatha kukulitsa NMO m'malo moichepetsa. Ndiye wachibale wakunja akakutumizirani mankhwala chifukwa "zizindikiro zikufanana ndi za mnzake", musamwe.

Magazi anga anatengedwa ku labu yapulaiveti yomwe imatumiza ku South Africa. Tinadikira masabata atatu. Zotsatira zinati NMO.

Ndinatuluka m'chipatala pa njinga ya odwala, ndi mankhwala awiri. Azathioprine amafooketsa chitetezo kuti chisiye kundiukira, koma amatenga miyezi kuti agwire, choncho pakatipo umamwa prednisolone, n'kumachepetsa pang'onopang'ono monga adokotala alembera. Prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi, ngakhale masaya atafufuma mpaka anthu kutchalitchi kumakuyamikira kuti banja lakuyanja. Azathioprine naye amafuna kuyezetsa magazi ndi chiwindi pafupipafupi, makamaka miyezi yoyamba, ndipo thupi likatentha supita kugolosale kukagula panado, umapita kuchipatala. Ndinaphunzira kugula mankhwala a mwezi wotsatira ndikadali ndi a masabata awiri, chifukwa si famase iliyonse m'tauni muno imene imasunga. Alipo ena a dilipi otchedwa rituximab, omwe bungwe la WHO linawaika mu 2023 pamndandanda wa mankhwala ofunika a multiple sclerosis, ndipo amagwiritsidwanso ntchito pa NMO. Adokotala anati tidzawaganizira ngati matenda atabweranso ndili pa azathioprine, ndipo asanandipatse adzayamba ayeza matenda a chiwindi a hepatitis B. Mtengo wake titaumva tinangoyang'anana.

Za mafizo sindinena zambiri, kungoti ndi amene anandibwezera kuyenda. Kawiri pa sabata ku Central, masiku enawo pakhomo, nditagwira chingwe choyanikira zovala, kuchoka pa mtengo wa mango kukafika pa bafa. Azakhali ankabwera ndi nkhani zoti pali mphunzitsi mnzanga wandiponda, ndipo ankadziwa munthu ku Nkhotakota woti n'kubweza. Ndinkawayankha kuti abwere adzandigwire mkono poyenda.

Pano ndinabwerera kusukulu. Ndimayenda ndi ndodo ndikatopa, ndipo dzuwa la Okutobala likafika pachimake dzanzi limabwerera kumapazi, diso lija n'kuchitanso kachifunga. Ulendo woyamba ndinathamangira ku Central ndili ndi mantha, koma anandiuza kuti kutentha kumadzutsa zipsera zakale, ndipo ndikazizidwa zimabwerera m'malo. Chothamangira nacho ndi chizindikiro chatsopano, kapena chakale chokula, chomwe chatha tsiku lathunthu osasintha. A hedi anandisinthira makalasi a masana n'kundipatsa a m'mawa.

Timabuku tonse tiwiri, CD, malipoti ndi pepala la ku South Africa zili mu jumbo imodzi pamwamba pa wadiropu, pomwe mtsikana wathu safikira. Zonse ndinazijambulanso pa foni n'kutumizira mng'ono wanga pa WhatsApp. Lachinayi likubwerali ndikukayezetsanso magazi.