Zikomo nonse, Sabata Loyera latha bwino

Aleluya! Mapazi atupa, mawu asasa, koma sitingagone osathokoza. Nonse mukudziwa m'mene zinalili: akatekisiti athu ali m'chipatala, mvula osakata, pamene masiku a Pasaka sadikira munthu.

Zikomo Bambo Mfumu, akwaya, otumikira pa guwa, Amayi Achikatolika ndi miphakati yonse. Koma mutilole titchule mwapadera amayi athu a ku sakristia, chipinda chosungiramo zovala ndi ziwiya za Misa. Dzina atiletsa kulemba, komabe mukuwadziwa.

Ndiwo anatikumbutsa kuti Lachisanu Loyera kulibe Misa, choncho Ukaristia wonse wolandira tsikulo umachokera pa Misa ya Lachinayi madzulo. Ukangowerengera anthu a Lachinayi okha, mawa lake Ukaristia umatha mzere usanathe. Amayiwa anawerenga mikate kawiri n'kuwonjezera zikho ziwiri. Anakonzanso mabeseni awiri, madzi ofunda ndi matawulo a anthu 12 osambitsidwa mapazi. Titangomaliza kuimba Ulemu kwa Mulungu, anatolera mabelu onse n'kuwatsekera m'kabati, poti belu sililiranso mpaka usiku wa Loweruka, ndipo dzanja la mwana wotumikira linazolowera kuliza. Misa itatha guwa linavulidwa nsalu zonse, tabernakulo yosungiramo Ukaristia n'kutsala yopanda kanthu, nyali yake itazimitsidwa.

Loweruka ndiye tinaona mtima wawo. Mwambo wa moto umayamba kutada, panja pa tchalitchi, ndipo nkhuni zonyowa zimangofuka utsi osapereka lawi loyatsira kandulo ya Pasaka. Iwo anali atasunga nkhuni zouma ndi zitsononkho m'khitchini mwawo kuyambira Lolemba. Mabowo 5 olowetsamo lubani pa kanduloyo anabooleratu masana ndi msomali wotentha, chifukwa wozizira umang'amba phula. Kanduloyo inali yowonda kuposa choikapo chake. Anaikulunga nsalu kutsinde mpaka inaima nji. Magetsi atathima tili pa mawu achitatu, a Eksodo 14 aja omwe saloledwa kudumphidwa ngakhale mutafupikitsa mawu 7 a Chipangano Chakale, tinangoona mayi wachikulire akuyenda mwakachetechete, tochi ili m'manja, kukaunikira wowerenga. Madzi obatizira akatekumeni (okonzekera ubatizo), mafuta odalitsidwa a Krisma, nsalu zoyera, zonse zinali pamalo pake.

Amayi, Ambuye wouka kwa akufa akupatseni mphamvu, achize mawondo anuwo, adalitse ana ndi zidzukulu zanu. Achizenso akatekisiti athu abwerere pakati pathu.

Kwa inu amene munalonjeza nkhuni ndi makala pa msonkhano koma osaoneka mpaka Lamulungu m'mawa, tinene zoona, zinatipweteka. Ntchito ya anthu ambiri inagwera munthu mmodzi wokalamba.

Nyengo ya Pasaka ndi masiku 50. Kandulo ikhalabe pafupi ndi guwa, ikuyatsidwa pa Misa mpaka Pentekoste, kenako ipite pa malo obatizira. Lamulungu likubwerali ndi la Chifundo cha Mulungu, lomwe Papa John Paul II analikhazikitsa mu 2000, ndipo zovala ndi zoyerabe. Kanjedza wanu wa Lamulungu la Kanjedza musataye, muumitse, ndiye adzakhale phulusa la Lachitatu la Phulusa chaka chamawa.

Lachiwiri 8 koloko m'mawa tichapa nsalu za pa guwa ndi kupala phula lomwe ladontha m'mabenchi. Bwerani ndi sopo, ndowa ndi mipeni yobuntha. Amayi athu tsikulo tawauza kuti apume kunyumba.